Anatiphunzitsa kunena kuti sitinamve

Juni uno bambo aakulu, a Sipiriyano Ngozo, akwanitsa zaka khumi ali m'manda. Anamwalira m'nyengo imene ankadana nayo, pamene nkhungu imatsika ku Chongoni n'kukhala pamudzi mpaka masana, anthu n'kumayenda atafunda mabulangete ngati odwala. Loweruka lapitali tinachita Misa yowakumbukira. Ansembe, amene ndi achilendo kuno ndipo sanawaonepo, anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosatsutsa, womvera akuluakulu. Ndinapsa mtima pomwepo m'tchalitchi. Koma ansembewo sanalakwe, anangobwereza zimene anauzidwa ndi anthu amene anawadziwa m'zaka zawo zomaliza. Ine ndinawadziwa asanafatse, ndipo ndikufuna ndilembe za munthu ameneyo ndisanamuiwale nanenso.

Anali akulu awo a bambo anga. Kwathu kuno, ife Angoni, ana aamuna amamanga pamudzi pa bambo awo, choncho nyumba yawo ndi yathu zinayang'anizana, pakati pali khola la ng'ombe. Komabe ubwana wanga wonse sindinamvepo amayi akuwapatsa moni. Akakumana panjira ya kudimba, amayi ankapatuka n'kumayang'ana kumapiri mpaka alamu awowo atadutsa. A Ngozo ankavula chipewa n'kupereka moni kumsana kwa amayi, tsiku ndi tsiku, osatopa.

Chifukwa chake chinali imfa ya bambo anga, a Gervazio.

A Ngozo ndiwo anatsogola kupita ku Halale. Anali ataphunzira kwa azimishoni mpaka kumatha kulemba kalata ya Chingerezi, ndiye pamgodi wina kumeneko sanawatsitse pansi. Anawapatsa mpando mu ofesi, n'kumalemba mayina a antchito ndi kumasulira azungu akamayankhula. Atabwera kutchuthi anatenga mng'ono wawo, amene sukulu anangoidutsa panja. M'sitima anawalangiza monga mkulu amalangizira mng'ono wake. Kumene tikupitaku mzungu akamayankhula usamuyang'ane m'maso, usafunse, chifukwa ofunsafunsa amawachotsa ntchito. Uzingoti yesi bwana, zinazo anzako azikuuza. Kwa bambo anga malangizowa sanali achilendo. Ndi mmene tonse tinaleredwera: wamkulu akamayankhula umazolika, akamaliza umavomera, ndipo kumuuza kuti sunamve kuli ngati kumuuza kuti sadziwa kuyankhula.

M'chaka chachiwiri kunabwera kapitawo watsopano wochokera ku Mangalande, wosadziwa chilapalapa chimene azungu akale ankayankhula ndi antchito. Mmawa wina anaimitsa bambo anga pakhomo la ngalande ina ya pansi, nawauza m'Chingerezi kuti denga la mkatimo lang'aluka, asalowemo mpaka atalichirikiza ndi mitengo. Anawafunsa ngati amva. Bambo anga anazolika, nati yesi bwana. Kapitawoyo atatembenuka, iwo analowa kukatenga fosholo imene anaisiya dzulo lake.

Pofufuza za imfayo, womasulira anali a Ngozo omwewo. Pakamwa pawo ndi pamene panadutsa mawu a kapitawo akuti ndinam'funsa ndipo anavomera. Anabwerera kumudzi ndi sutikesi ya mng'ono wawo, nakhala pansi pakhomo pathu n'kufotokozera amayi zonse, mpaka malangizo a m'sitima aja. Akanabisa, palibe akanadziwa. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi zaka zisanu, mlongo wanga Lino akuyamba kumene kuyenda.

Ku Halale sanabwererenso. Anamanga golosale ya njerwa ndi malata panjira yopita ku Linthipe, koma malonda sanali mwa iwo. Shuga ndi sopo zitatha sanakapikulenso zina. Mashelefu anakhala opanda kanthu, ndipo Lamlungu lililonse masana, anthu akatuluka m'tchalitchi, m'golosalemo munkadzaza anyamata amene ankafuna kupita ku Joni, ku Halale kapena ku migodi ya ku Zambia. Sankalipiritsa. Sinalinso sukulu imene aphunzitsi akanaivomera, chifukwa munalibe buku kapena bolodi.

Iwo ankakhala kuseri kwa kauntala, chipewa chili kumutu, kaliwo wopanda fodya ali kukamwa, n'kusanduka mzungu. Ankaitana mnyamata mmodzi n'kumuthira Chingerezi chothamanga, chotulukira m'mphuno, chimene ngakhale mwini wake wa ku Mangalande akanapempha kuti abwereze. Akamaliza ankafunsa ngati wamva. Mnyamata akangogwedeza mutu, wagwa m'mbuna. Fabiano, mwana wa a Jere oyandikana nafe, anagwedeza mutu Lamlungu lina, ndipo mmawa wake anaona a Ngozo ali pakhomo ndi dengu.

"Tiye, mphwanga. Dzulo unavomera pamaso pa mboni khumi kuti undithirira manyowa m'munda wonse wa mbatatesi."

"Ine, bambo? Liti?"

"Pamene unkagwedeza chimutu chakocho."

Anathira masiku atatu, mudzi wonse ukuseka. Wina anavomera kuti ndi mbuzi, ndipo dzinalo anapita nalo mpaka ku Joni.

Chimene ankafuna chinali chochepa, koma kwa mwana woleredwa bwino wa kwathu kuno chinali cholemera. Uime njii, umuyang'ane m'maso woyankhulayo, umuuze m'Chingerezi kuti pepani sindinamve, bwerezani pang'onopang'ono. Akabwereza, iwe unene m'mawu ako chimene wamva, kuti ngati wasokera akubweze usanachoke pamalopo. Ankawaphunzitsanso zina: kutchula dzina lako momveka, kupempha tchuthi m'kalata ya mizere isanu yokha, kuyankha foni atagwira chitsononkho kukhutu. Ankati kumeneko ukagwira ntchito ndi Mshangani, Msuthu, Mgiriki ndi Mmwenye, ndipo palibe amene adzayankhule cha kwawo. Chingerezi ankachiyerekeza ndi luzi lomangira nkhuni: silifunika kukongola, lifunika kugwira. Chothyokathyoka cha munthu wofunsa chimam'bweza kwawo wamoyo, pamene chosalala cha munthu wamanyazi chimangokometsa kalata ya maliro.

Ndisawayeretse. Anali munthu wovuta, wodzimva. Kudimba ankapita atavala jekete, ndipo ankakangana ndi wailesi, kuwongolera woulutsa nkhani ngati akuwamva. Akazi awo anatopa nazo n'kubwerera kwawo ku Bembeke, ana sanabereke. Atsikana sankatilola m'golosale muja. Ankati inu mukapita kuti, ndipo mawu amenewo sindinawakhululukire, ngakhale lero ndikuwalira. Mwambi woti safunsa anadya phula ankadana nawo, osati chifukwa ndi wabodza, koma chifukwa akuluakulu amene ankaukonda ndi omwewo amene ankawomba khofi mwana akafunsa.

Mikangano sinkatha. Akatekisiti anadandaula kuti anyamata ayamba kuwaimitsa pakati pa phunziro kuti abwereze. A Jere anabwera okha tsiku lina, ndodo ili m'manja.

"A Ngozo, mwana wanga dzulo wandiyang'ana m'maso ngati wapolisi. Mukuwaphunzitsa chiyani m'golosale mwanumo, Chingerezi kapena mwano?"

"Zonse ziwiri, a Jere. Akadzabwerako ku Joni ndi miyendo yake iwiri, mudzam'menye pamenepo. Ine ndidzakugwirirani."

A Jere anachoka akutukwana, koma Fabiano sanam'letse. Analibe udindo uliwonse a Ngozo, sanali mfumu kapena wa boma, koma zinafika poti palibe banja limene linkalola mwana kukalembetsa ulendo iwo asananene mawu amodzi akuti wakhoza.

Lino atakwanitsa zaka makumi awiri anati nayenso akupita kumigodi. Munda wathu unali waung'ono, wa pamtsetse, ndipo amayi anadziwa kuti sangam'gwire. Madzulo ena anawoloka bwalo lija, nadutsa khola, n'kuima pakhonde pa alamu awo. Ine ndinali nditakwatiwa kale kutsidya kwa dambo, koma tsiku limenelo ndinalipo, ndipo ndinamva mawu oyamba amene anawayankhula m'zaka zonsezo.

"Alamu, munanditengera mmodzi. Uyu asachoke pano mpaka mutatsimikiza kuti abwera."

A Ngozo anavula chipewa.

Vuto linali loti Lino anatengera bambo athu ndendende, kufatsa kwake ndi kuzolika kwake komwe. Mawu a Chingerezi ankawagwira msanga kuposa anzake, kunyumba ankawanena bwinobwino akudyetsa ng'ombe. Koma akaima pamaso pa kauntala ija, maso ankagwa okha pansi, mutu n'kugwedezeka. Miyezi inadutsa. Anzake amene anayamba pambuyo pake anakhoza n'kumapita. A Ngozo, amene ena ankawaseka akalakwa, kwa Lino sankaseka. Ankamenya kauntala ndi chibakera n'kumukalipira mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Anali ndi mantha, ndipo mantha awo ankatuluka ngati ukali.

Lamlungu lina Lino anatopa. Anzake amati sanakweze mawu, ndipo maso anali pansi monga mwa masiku onse.

"Bambo, muno n'zosavuta, chifukwa mzungu wake ndinu nomwe. Inuyo munam'funsapo munthu amene angakupwetekeni? Ku Halale kuja munkati chiyani?"

A Ngozo anachotsa kaliwo kukamwa, nauza onse kuti azipita. Tsiku limenelo anatseka dzuwa likadali pamutu.

Lachitatu lake kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo kumsonkhano sunkaitanidwa kawiri. Anyamata a yufi ankayenda khomo ndi khomo, wosapita ankafunsidwa kuti ali mbali iti. Tcheyamani wa dera lathu anali a Kamtedza, wogulitsa nyama pamsika wa Linthipe, munthu amene anali ndi Chingerezi chodzaza chikhatho chimodzi koma ankachikonda kwambiri. Tsiku limenelo anabwera ndi pepala lochokera kwa akuluakulu a chipani, lolembedwa pa taipi m'Chingerezi. M'malo mopempha aphunzitsi kuti amasulire, analiwerenga okha, akupunthwa pa mawu aliwonse aatali. Atamaliza anapukuta thukuta.

"Mwamva nonse?"

"Eeee!"

"Ovomereza manja m'mwamba!"

Manja anakwera bwalo lonse, langa lomwe. Ndinaona a Ngozo akutembenuka kuyang'ana kumene kunakhala anyamata. Lino anali pamenepo, dzanja m'mwamba, mutu pansi. Anamuyang'ana kanthawi. Kenaka anaimirira, namanga mabatani a jekete, n'kuyang'ana a Kamtedza m'maso. Anayamba m'Chingerezi, pang'onopang'ono, mawu omwe aja a m'golosale. Atatero anabwereza m'Chichewa kuti aliyense amve.

"Pepani atcheyamani, ine sindinamve. Bwerezani, ndipo mutiuze m'chinenero chathu chimene tikuvomerezachi."

A Kamtedza anayang'ana pepala lija, nalitembenuza kumbuyo kumene kunalibe chilembo, nalibweza. Aliyense anaona kuti nawonso sakudziwa chimene awerenga. Mwina zikanathera pomwepo. Mwina akanakalipa n'kuwakhazika pansi, tonse n'kunamizira kuti sitinaone kanthu. Koma kumbali ya azimayi wina anaphulika kuseka. Anayesa kutseka pakamwa ndi chitenje, koma kunali kutatuluka kale, ndipo ena angapo anatsatira. Woyamba kusekayo anali amayi anga. M'zaka zonse zija sanasekepo chilichonse chochokera kwa alamu awo, anadzaseka tsiku limenelo.

Patapita masiku atatu landirova ya apolisi inafika masana, a Ngozo akuthirira kabichi kudimba. Anthuwo analowa m'nyumba n'kutenga bokosi la makalata amene ophunzira awo ankawalembera kuchokera kunja. Masitampa achilendowo ndiwo anakhala umboni woti amalemberana ndi zigawenga. Anawakweza ali ndi matope kumiyendo. Mudzi wonse unaonerera uli m'makonde, ndipo palibe anafunsa kumene akuwatengera, ine ndemwe. Mpaka lero palibe amene akudziwa chimene chinalembedwa papepala limene tinalivomereza lija.

Lino ananyamuka patapita miyezi iwiri, popanda womuuza kuti wakhoza. Amayi analima munda wa alamu awo nyengo zitatu, mbatatesi n'kumazisunga, zikamera n'kubzalanso. Anapita ku boma kawiri kukafunsa, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti munthu wa dzina limenelo sakumudziwa. Anandiuza kamodzi kokha, tikupalira, osandiyang'ana, kuti iwo aja anapha wanga ndi malangizo, ine ndawapha ndi kuseka, tsopano tafanana.

A Ngozo anabwera chaka chachitatu chisanathe, wapansi kuchokera pamsewu, atavala kabudula wa eni ake. Mano akutsogolo analibe, khutu limodzi silinkamva. Kumene anali sananene, ndipo ife tinaopa kufunsa. Chimene chinatipweteka si thupi. Ukawauza kuti mvula ibwera, ankati inde. Wina akati sibwera, ankatinso inde. Akakumana ndi anyamata a yufi, ana oti akanakhala zidzukulu zawo, ankapatuka n'kunjuta pambali pa njira. Chingerezi sanachiyankhulenso, wailesi anaipereka kwa a Jere, ndipo golosale ankaizungulira patali. Amayi ankawaphikira ndi kuwachapira, n'kumawapatsa moni mmawa uliwonse. Iwo ankayankha maso ali pansi. Amenewa ndiwo munthu wofatsa amene ansembe anauzidwa.

Lino anabwera kutchuthi patatha zaka zinayi, wathunthu, miyendo yake iwiri. Nkhani yake anayamba kutiuza ife. Sabata yachitatu pamgodi, kapitawo ankafotokoza za nthawi yophulitsira miyala ndi kumene munthu ayenera kubisala, mothamanga, akuyang'ana wotchi. Atafunsa ngati amva, Lino anamva mutu wake ukuyamba kugwedezeka wokha. Akuti pamenepo anaona bambo aakulu akumanga mabatani a jekete pabwalo la sukulu. Anadzutsa maso, namuimitsa kapitawoyo. Kapitawoyo anam'tukwana, koma anabwereza. Lino anamuimitsanso kachiwiri ndi kachitatu, mpaka atanena yekha chimene wamva. Pamenepo zinadziwika kuti anzake asanu a m'gulumo, a ku Mozambiki ndi ku Lesotho, nawonso sanamve kanthu ngakhale onse anali atavomera. Pofika chaka chachiwiri anam'patsa ntchito yolandira obwera kumene ndi kuwafotokozera malamulo a pansi.

Zimenezi ankafuna akawauze mwini wake, ndipo ankafuna awauze m'Chingerezi, kuti amve okha kuti ntchito yawo sinapite pachabe. Anayeserera mawuwo ulendo wonse. Tinamuchenjeza kuti munthuyo si yemwe uja, koma sanamvetse. Anavala suti yake yatsopano n'kuwoloka bwalo, ife tikumutsatira. Tinawapeza atakhala pamkeka akusenda nyemba. Lino anaima njii monga anam'phunzitsira, nawayang'ana m'maso, n'kuyamba.

Sanamalize ngakhale mzere umodzi. A Ngozo anayang'ana nsapato, nayang'ana suti, namva Chingerezicho. Anaika lichero pansi, navula chipewa, n'kugwada m'fumbi.

"Ndamva, bwana. Sindidzachitanso, bwana."

"Bambo, ndine Lino! Mwana wa a Gervazio!"

"Inde, bwana."

Lino anagwada nawo pomwepo n'kulira mokweza ngati pamaliro. Mawa lake, Lino atavula suti, a Ngozo anamuzindikira. Anamugwira kumaso, nam'funsa ngati wadya. Koma nthawi iliyonse Lino akayamba za kumgodi, ngakhale m'Chichewa, ankadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Anayesa tchuthi chimenecho, anayesanso china, mpaka chifuwa chinawatenga m'nyengo yozizira. Sitikudziwa ngati anamva kuti mwana wa mng'ono wawo anapulumuka chifukwa cha iwo, ndipo zimenezi zimandiwawa kuposa imfa yawo.

Titatuluka mu Misa Loweruka, ine ndi Lino tinatsikira ku golosale. Chiyambire tsiku la landirova lija palibe analowamo. Tinamasula waya wa pachitseko n'kukankha. Malata awiri anapita ndi mphepo, ndipo pansi pa bowolo pamera chisoso. Kauntala chiswe chinaidya, yangotsala miyendo. Mukununkha mileme. Shelefu yaikulu ya kumbuyo inagwa chafufumimba, ndipo pakhoma pamene inabisa tinapeza mayina olembedwa ndi pensulo, m'zilembo zawo zowongoka za mu ofesi. Anali mayina a anyamata onse amene anawauza kuti akhoza, mzere ndi mzere. Pambali pa amene anabwerako anachongapo. Palibe aliyense wa ife ankadziwa kuti ankalemba.

Lino, amene imvi zayamba kum'tuluka, anayendetsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenaka anayambiranso. Fabiano alipo, wa mbuzi uja alipo. Dzina lake palibe. Ndinatola khala pansi n'kumupatsa kuti alilembe, poti malo alipo. Analiyang'ana, n'kundibwezera.

"Achemwali, alembe ndani? Mwini wake sanandiuze."

Tinatuluka n'kumanganso waya uja. Madzi odontha pabowo afufuta kale mayina a kumanzere, ndipo mvula ya chaka chino imaliza otsalawo.